Fupa siliiwala chaka cha njala

Kwathu kwa Mwase, ku Kasungu, fupa ndi chinthu chotsala. Ndi chija chimatsala m'mbale ndiwo zikatha, n'kuponyera galu. Ndi chija chimatsala kumanda zina zonse zikabwerera kudothi. Munthu akaonda kwambiri timati watsala mafupa okhaokha, ngati kuti mafupawo si munthu. Ndiye ndikamauza anthu kuti ndikufuna ntchito ya moyo wanga ikhale kafukufuku wa mafupa, ambiri amandiyang'ana mwachisoni, ngati mwana amene wapita kusukulu zaka zonsezi n'kubwerako atasankha kucheza ndi akufa.

Chonsecho fupa ndi lamoyo ngati chiwindi kapena mtima. Lili ndi mitsempha, limamva ululu, ndipo m'kati mwake ndi mmene mumapangidwa magazi. Mulinso magulu awiri a maselo amene sagona tulo: ma osteoclast amene amagumula fupa lakale, ndi ma osteoblast amene amabwera m'mbuyo n'kumamanga latsopano. Pa chaka, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mafupa a munthu wamkulu limagumulidwa n'kumangidwanso. Zili ngati chigafa cha atate: chaka chino asintha nsichi zodyedwa ndi chiswe, chaka chamawa afolera udzu wina, pakatha zaka 10 palibe mtengo woyamba umene watsala, koma tonse timangoti ndi chigafa chomwe chija. Amene amalamula kuti apa gumulani, apa mangani, apa siyani, ndi mahomoni, timadzi timene timatuluka m'ziwalo zina n'kuyenda m'magazi titanyamula uthenga. Ine ndimawatcha akapitawo a thupi.

Ndinaphunzira sayansi ya zamoyo ku Chancellor College ku Zomba, koma nkhani ya mafupayi sinandigwire mtima m'kalasi ayi. Inandigwira chifukwa cha mlongo wanga wamng'ono.

Iye anabadwa chakumapeto kwa 2001. Munthu wa ku Kasungu amene anali ndi nzeru nthawi imeneyo safuna kuuzidwa kuti chinali chaka chanji. Ndi njala ija William Kamkwamba wa kwa Wimbe anaifotokoza m'buku lake la The Boy Who Harnessed the Wind. Ine ndinali ndi zaka 4, ndiye ndimakumbukira zidutswazidutswa: phala la gaga, zitsa za nthochi zili mumphika, ndi amayi akulawirira kukasaka ganyu khanda lili kumsana. Khandalo linapulumuka, ndipo timathokoza mpaka lero, chifukwa ena anzake sanaone masika. Koma panopa, ali ndi zaka 24, mlongo wangayo amandilekeza m'khutu, pomwe ine si wamtali, ndipo atate ndi abale awo onse ndi anthu ataliatali. Pamudzi ena amati anatengera kuchikazi, ena amati tinamusenzetsa katundu ali wamng'ono.

Nayi nkhani imene ndinakaipeza m'mabuku. Chakumapeto kwa mafupa ataliatali a mwana, monga a ntchafu ndi a mkono, kumakhala kamzere ka chicherewecherewe. Pamenepo ndiye pamunda pa msinkhu. Maselo a pamenepo amachulukana atandandalika m'mizere, amafufuma, kenako amafa, malo awo n'kulowedwa ndi fupa lolimba, ndipo mwana amatalika choncho. Lamulo limachokera ku kachiwalo kochepa ngati njere ya nandolo kamene kali pansi pa ubongo, kotchedwa pituitary. Kamatulutsa homoni ya kukula, makamaka mwana akagona tulo tofa nato. Homoniyo ikafika kuchiwindi, chiwindi chimatulutsa ina yotchedwa IGF-1, ndipo imeneyi ndiyo imakalimbikitsa maselo aja kuti achulukane.

Chimene chinandiimitsa mutu n'chakuti mwana wanjala nthawi zambiri amakhala ndi homoni ya kukula yambiri m'magazi, koma IGF-1 yochepa. Kapitawo akukuwa ndithu, koma chiwindi chatseka makutu. Thupi lawerengera: chakudya chilipochi chipite kuubongo ndi kumtima, za msinkhu zidikire. Mukaphatikizapo kutsegula m'mimba ndi malungo obwerezabwereza, munda uja umangokhala osalimidwa. Ndipo nyengo imene mwana amatalika mofulumira koposa ndi masiku 1,000 oyamba, kuchokera pamene mayi waima mpaka mwana akwanitse zaka 2. Akuluakulu anati mmera mpoyamba. Kafukufuku wa dziko lonse wa za umoyo wa 2010 anapeza kuti ana 47 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Wa 2015 mpaka 2016 anapeza 37. Palibe amene angaloze munthu mmodzi n'kulumbira kuti masentimita akutiakuti anadyedwa ndi njala, poti msinkhu umachokeranso kumtundu. Koma mukaika ana a dziko lonse pamzere, njala imaoneka bwinobwino.

Mlongo wanga ali ndi zaka 19 anapita kutauni kukafuna ntchito ku kampani ina ya alonda. Anamuimika pakhoma, n'kumubweza asanamufunse ngakhale funso limodzi. Patapita masiku anandipeza ndikutsuka mbale kuseri, foni ili m'manja. Pa Facebook panali wina akutsatsa mapiritsi otalikitsa, ndipo iye anali atasunga kale ndalama za ganyu yosoka fodya.

"Achemwali, inu mwaphunzira za thupi. Awawa amagwira?"

"Sagwira, achimwene. Musataye ndalama zanu."

"Nanga akuchipatala enieniwo?"

Ndinamufotokozera kuti munda uja uli ndi nthawi yake. Munthu akatha msinkhu, mahomoni amamutalikitsa mofulumira kwa zaka zingapo, kenako amatseka kamzere kaja, chicherewecherewe chonse n'kusanduka fupa. Pakatsekeka patsekeka, ngakhale jakisoni wa homoni ya kukula sangatsegulenso. Ndipo amene amatseka, mwa akazi ndi amuna omwe, ndi estrogen. Madokotala anatsimikiza zimenezi mu 1994, pamene Eric Smith ndi anzake ku America analemba za bambo wina wa zaka 28 amene thupi lake silinkamva uthenga wa estrogen. Anali ndi ndevu ndi mawu aakulu ngati mwamuna wina aliyense, koma anali atafika masentimita 204 ndipo ankatalikabe, mafupa ake ali ofooka.

Anaseka. "Ndiye mwati chinanditsekera chitseko ndi homoni ya azimayi?"

Kenako kuseka kunatha. Anakhala kanthawi akukanda pansi ndi kamtengo.

"Ndiye kuti zinatha ndili kumsana kwa amayi."

Ndinalibe choyankha. Iye anaimirira, n'kupukuta fumbi pa thalauza. "Musakawauze amayi zimenezi. Angamaone ngati analakwa ndi iwo."

Kuyambira tsiku limenelo ndimaona mahomoni paliponse pamene ndayang'ana kwathu kuno, ngakhale m'nthaka. Pakhosi pathu pali chithokomiro, chimene homoni yake ndi yofunika kuti ubongo ndi mafupa a mwana zikhwime. Homoniyo imapangidwa ndi ayodini, n'chifukwa chake mchere wa m'sitolo amauthira ayodini. Koma kuti isanduke mtundu umene umagwiradi ntchito m'thupi, pamafunika mchere wina wotchedwa seleniyamu, ndipo chimanga cholimidwa pa nthaka yambiri ya m'Malawi chili ndi seleniyamu wochepa. Mu 2019 akatswiri a ku LUANAR, pamodzi ndi anzawo a ku University of Nottingham ndi London School of Hygiene and Tropical Medicine, anachita kafukufuku kwa Wimbe konkuno ku Kasungu. Anagawira mabanja ufa wa chimanga chimene chinathiridwa seleniyamu chili kumunda, ndipo magazi a amayi ndi ana amene anadya ufawo anaonetsa kuti seleniyamu wakwera. Taganizani: feteleza wa m'munda, nsima ya m'mbale, homoni ya pakhosi ndi fupa la mwendo, zonse zili pa chingwe chimodzi.

Kashiyamu nayenso ali ndi nkhani yake. Mabuku akale ankati matenda opinda miyendo ya ana amabwera chifukwa chosowa dzuwa, poti khungu limapanga vitamini D likawombedwa ndi dzuwa. Nanga bwanji ana a mu Africa, amene amasewera padzuwa tsiku lonse? John Pettifor ku South Africa, kenako Tom Thacher ku Jos ku Nigeria mu 1999, anaonetsa kuti ana ambiri otere amasowa kashiyamu m'zakudya, ndipo akapatsidwa kashiyamu miyendo imachira. Nsima ili ndi kashiyamu wochepa kwambiri, mkaka ndi wodula. Koma usipa, bonya ndi matemba, tija ena amati ndiwo za amphawi, timadya ndi minga yomwe, ndipo kashiyamu ali mumingamo.

Mlongo wanga ndiye anandionetsa za kukula kwa mafupa. Za kutha kwake ndinazionera pa agogo aakazi. Anabereka ana 9, onse oyamwitsa mpaka ayende. Mayi akamayamwitsa, thupi lake limatapa kashiyamu m'mafupa ake omwe n'kumuthira mumkaka. Ann Prentice ndi anzake, pa kafukufuku wawo ku Keneba ku Gambia, anapeza kuti ngakhale kumupatsa mayi mapiritsi a kashiyamu sikusintha kashiyamu wa mumkaka: mahomoni ndiwo amalamula, ndipo mwana akaleka kuyamwa mafupa amayamba kubwezeretsa. Vuto lalikulu limabwera mayi akasiya kusamba. Estrogen, yemwe uja amatseka msinkhu, ndiyenso amagwira dzanja ma osteoclast kuti asagumule mopyola. Akachepa, ogumula amathamanga kuposa omanga, fupa n'kukhala ngati mtengo wofumbwa, kunja kooneka bwino. Fuller Albright wa ku Boston ndiye anaunikira zimenezi mu 1941.

Agogo anaterereka pakhomo pa bafa, kugwa kwake koti mwana akanadzuka n'kumaseka. Fupa la m'chiuno linathyoka. Anagona kuchipatala masabata ambiri mwendo utakokedwa ndi chingwe, anatuluka, koma sanayendenso, ndipo chaka sichinathe. Pamaliro anthu ankati ndi ukalamba. Ine ndinkaganiza za amayi, amene akuyandikira zaka zomwezo, komanso za anzanga a msinkhu wanga. Jakisoni wa Depo, amene amayi ambiri kuno amalera naye, amatsitsa estrogen ndipo mafupa amapepukako pang'ono, ngakhale amabwerera akasiya. Tenofovir, amene ali m'ma ARV amene anthu ambiri akumwa, nayenso amapepukitsako mafupa. Musandimve molakwa: mankhwala onse awiriwa apulumutsa miyoyo yosawerengeka, ndipo palibe ayenera kuwasiya chifukwa cha mawu angawa. Ndikungoti m'badwo umene ukukalamba tsopano uli ndi mbiri ya mafupa yosiyana ndi ya amayi a ku Boston, ndipo pafunika Amalawi oti aiyeze n'kuilemba.

Komabe chimene chimandikoka kwambiri pa phunziroli n'chakuti fupa limadziwa kudzichiritsa. Khungu likang'ambika limasiya chipsera. Fupa likathyoka, magazi amaundana pamalopo, kenako pamamera chicherewecherewe cholumikiza mbali ziwirizo, icho n'kusanduka fupa lokhakhala, ndipo kwa miyezi ndi zaka ogumula ndi omanga aja amalisema mpaka libwerere mwakale. Thupi limabwereza zija linachita munthu ali m'mimba. Chikhakha chimangogwira kuti pasagwedezeke, kuchiritsako ndi kwa fupa lenilenilo. Ndipo apanso mahomoni ali ndi zodabwitsa zawo. Homoni ya parathyroid ikakhala yambiri m'magazi nthawi zonse imadya mafupa, koma yomweyo ikabayidwa pang'ono kamodzi pa tsiku imawamanga. Mankhwala otere, a teriparatide, anavomerezedwa ku America mu 2002, chaka chomwe ife tinkadya zitsa za nthochi.

Zolengedwa zina zimatiposa. Buluzi amameranso mchira, ngakhale m'kati mwa watsopanowo mumakhala chicherewecherewe m'malo mwa mafupa. Mbuna za m'nyanja yathu zimasintha mano moyo wawo wonse. Todd Streelman ku Georgia Tech wakhala akuphunzira pa nsomba zimenezi mmene mano amamereranso, ndipo Craig Albertson ndi anzake anaonetsa mu 2005 kuti jini yotchedwa bmp4 imathandiza kusiyanitsa nsagwada yaifupi ndi yolimba ya mbuna yopala ndere pamiyala ndi ya inzake. Nditawerenga zimenezi ndinanyadira, kenako ndinachita kaduka. Nsomba zathu zinafika m'malabotale a ku America ife eniake tisanafikemo.

Palinso fodya, amene anandilipirira fizi kuyambira Fomu 1. Madokotala a mafupa amadziwa kuti fupa la munthu wosuta limachedwa kulumikizana, mwa zina chifukwa nikotini amafinya timitsempha ta magazi. Kwathu ambiri sasuta, koma amathyola masamba a mame m'mawa, ndipo nikotini amalowera pakhungu. Ndi kuja munthu amachita chizungulire ndi nseru atachoka m'munda. Lipoti la bungwe la Plan la 2009 linati mwana wogwira ntchito m'fodya angathe kulowetsa m'thupi mamiligalamu 54 a nikotini pa tsiku, ngati wasuta ndudu 50. Ndikufuna kudzayeza mafupa a achinyamata amene anabadwira m'njala n'kukulira m'zigafa. Funso langa ndi limenelo, ndipo likuchokera pakhomo pathu.

Njira yake si yaifupi. Masitazi zaka 2, PhD zaka 3 kapena 4, kenako makontirakiti afupiafupi, kulemba mapempho a ndalama za kafukufuku amene ambiri amakanidwa, kuphunzitsa masana n'kumalemba usiku. Ndipo zimene wapeza ena angathe kuzigwetsa. Mu 2007 Gerard Karsenty wa ku Columbia University analengeza kuti fupa nalo limatulutsa homoni, osteocalcin, yothandiza kuwongolera shuga m'magazi. Mu 2020 magulu awiri a asayansi anayesa pa mbewa zawo ndipo sanapeze zomwezo. Mkanganowo ulipobe. Ntchito yake ndi yotero basi.

Koma ndaona Amalawi akuiyenda njirayi. Kuyambira 1985, pamene dokotala wa ku Canada, Ed Blair, anayambitsa maphunziro a ma clinical officer a za mafupa, iwowa ndiwo akhala akusamalira anthu ambiri othyoka m'zipatala za m'maboma. Pulofesa Nyengo Mkandawire analemba za ntchito yawoyo mpaka dziko lapansi linaidziwa. Dr Linda Chokotho anayerekeza odwala othyoka fupa la ntchafu okokedwa ndi chingwe ndi oikidwa chitsulo m'kati mwa fupa, ndipo zotsatira zake zinakomera chitsulo. Ku Blantyre kuli Beit CURE kuyambira 2002, ku Lilongwe kwatsegulidwa LION mu 2023. Ochita maopaleshoni akuchuluka pang'onopang'ono. Ine ndikufuna kukhala kumtunda kwa mtsinjewo, kumene fupa limayambira kufooka lisanathyoke.

Miyezi iwiri yapitayo ndinalandira makalata awiri sabata imodzi. Ina inachokera ku bungwe lina ku Lilongwe, yondipatsa ntchito yokhazikika, malipiro oti ang'ono anga awiri atha kumaliza sekondale popanda kuthamangitsidwa fizi. Inayo inachokera ku Johannesburg: malo a masitazi ndi sikolashipu yokwana lendi ndi chakudya basi. Kumeneko kuli kafukufuku wa Birth to Twenty, amene wakhala akutsatira ana 3,273 obadwa mu 1990 ku Soweto ndi ku Johannesburg, ndipo ena mwa iwo akhala akuyezedwa mafupa kuyambira ali ana. Ndi sukulu yeniyeni ya chimene ndikufuna kudzachita kwathu.

Atsibweni atamva anabwera pa njinga. "Ndamva kuti ukupita ku Joni kukaweta mbewa. Zokumba ndi khasu zatha kuno?" Tonse tinaseka, koma funso lawo lenileni linali lina, ndipo linali loona. Anthu a ku Kasungu anayamba kale kupita ku Joni, ngakhale Kamuzu anadzera komweko ali mnyamata, koma opitawo amapita kukatumiza ndalama. Ine ndikupita kukaphunzira, atate ali ndi ngongole ya feteleza ku kampani imene amalima nayo pa kontirakiti.

Atate anadikira atsibweni apite. Anali akusoka chiguduli cha belo, osandiyang'ana.

"Ife timafesa nazale mu Seputembala, ndalama n'kukazionera ku Chinkhoma mu Epulo kapena Meyi. Wako fodyayu ndi wa miyezi ingati?"

"Zaka 6, atate. Mwinanso kuposa."

"Ndiye kuti ndi mitengo imeneyo, si fodya." Anakoka ulusi, n'kuudula ndi mano. "Ngongole ndi yanga, si yako. Ang'ono ako tiona mmene tichitire ndi atsibweni ako. Koma ukabwereko, wamva? Ophunzira ambiri timangowamvera pa wailesi."

Ndinayankha kalata ya ku Johannesburg usiku womwewo, ndipo ndinyamuka mu Januwale. Sindikunama, mantha alipo: a ndalama, a nkhanza zimene alendo amakumana nazo kumeneko, ndi akuti mwina ang'ono anga adzalipira mtengo wa chisankho changa. Ndawerengera kuti ndikamadya mosamala, kangachepe kazitsala mwezi ndi mwezi koti ndizitumiza.

Mlongo wanga uja anakwatira chaka chatha, ndipo ali ndi mwana wamkazi wa miyezi 7. Ine ndi mlamu wanga timakazinga usipa, kuusinja mpaka ukhale ufa, n'kumathira m'phala pamodzi ndi nsinjiro. Kusikelo amayi ambiri amangomvetsera makilogalamu, koma mlongo wanga amapita nawo yekha, mwamuna mmodzi pakati pa azimayi, n'kupempha alangizi kuti amugonekenso mwanayo pa thabwa loyezera kutalika. Lachinayi lapitali ananditumizira uthenga pa WhatsApp: "Masentimita 67, achemwali. Zili bwino?"

Ndinatsegula tchati cha WHO cha ana aakazi, n'kutsata mzere wa miyezi 7 ndi chala. Mwanayo ali pakati penipeni.

"Zili bwino, achimwene. Mwezi wamawa mukamuyezetsenso."